Za Zithunzi, Mtundu wa Anthu ndi Eni Dziko

Liu lakuti cithunzi ndi mbale wace wa liu lakuti mthunzi. Makolo athu poona munthu ataima padzuwa, ndi cinthu cakuda cija comtsata pansi, anacicha cithunzithunzi cace. Ndipo pamene Azungu anafika ndi kabokosi kogwira nkhope ya munthu pa pepala, anthu sanafuna liu lacilendo, koma anatenga lomwelo. Tiri naonso mau ena, monga fano, cifanizo ndi cosema, koma cithunzi ndilo lipambana, pakuti litikumbutsa kuti cojambulidwa citsata mwini wace monga mthunzi, ndipo cikhoza kumtalikitsa kapena kumfupikitsa monga momwe dzuwa laimira. Liu lina ndilo mzika. Ine ndiyesa kuti licokera ku kuzika, monga mtengo uzika mizu yace. Mzika ndiye munthu wokhazikika, wosati mlendo wopitirira. M'nkhani ino ndifuna kuonetsa inu, aphunzitsi ndi alaliki anzanga, umo mau awiriwa anakomanira m'mbiri ya dziko lathu. Zithunzi zinauza anthu amene ali mwini dziko ndi amene ali wanchito cabe, ndipo zinamveka ndi kwa iwo omwe osadziwa kuwerenga malamulo.

Mzuzu ndi mwana pakati pa midzi ya dziko lino. Unayamba kumangika ca m'ma 1947 pozinga minda ya mitengo ya tung, imene mbeu zace zifinyidwa mafuta, ndipo unachedwa mzinda m'caka ca 1985. Cifukwa cace zithunzi zimene zinaphunzitsa anthu a kuno sizinali mafano a miyala oimikidwa pa mphambano, monga aona a ku London kapena ku Cape Town. Zinafika m'thumba la malaya, pa kalata, pa khoma la sukulu ndi la chalichi, ndi pa nsaru ya amai. Zambiri za izo nzakale koposa mudzi umene, tsono tiyambire kutali.

David Livingstone anayenda ndi nyali ya zithunzi, yoponya cifanizo cacikuru pa nsaru usiku. M'caka ca 1854, ali kwa mfumu Shinde ya Alunda kumtunda kwa Zambezi, anaonetsa Abrahamu atasamulira mpeni mwana wace Isake. Posuntha galasi lija mpeni unaoneka ngati ulunjika kumene kunakhala akazi, ndipo iwo anathawa ali kupfuula. Nkhaniyi anailemba mwini wace m'buku lace la 1857, ndipo owerenga a ku Ulaya anaseka nayo. Ine sindiseka kwambiri, pakuti akazi aja anazindikira msanga cimene anzeru acedwa kucibvomereza, kuti cithunzi ciri ndi mphamvu yakulasa.

Cithunzi coyamba ca anthu a dziko lino cimene cinafala ku Ulaya ndico ca pa mudzi wa Mbame, kufupi ndi kumene kuli Blantyre tsopano. M'mwezi wa July 1861 Livingstone, ali pa ulendo ndi anthu a Bishop Mackenzie, anakomana pamenepo ndi mdipiti wa akapolo opita nao ku Tete, ndipo anamasula anthu 84. Cithunzi ca mdipitiwo cinakonzedwa ku London ndi kudindidwa m'buku la ulendo wa Zambezi m'caka ca 1865: amuna m'magoli, akazi ndi ana omangidwa zingwe, ndi owakusa ali ndi mfuti. Tisacinyoze cithunzi cimeneci, pakuti cinacita nchito yabwino. Cinawawitsa mitima ya anthu a ku Scotland ndi England, ndipo cinali cimodzi ca zinthu zimene zinatsegula matumba ao, kufikira ngalawa ya Ilala inayandama pa nyanja yathu m'caka ca 1875, mishoni ya Livingstonia niyamba ku Cape Maclear, nisamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894. Komatu taonani cimene cinaphunzitsanso mwakacetecete. M'cithunzimo munthu wakuda ali wa mitundu iwiri yokha, womangidwa ndi womanga mnzace. Wolima mapira mulibe, wosula khasu mulibe, mfumu yoweruza mlandu pabwalo mulibe, ndipo palibe mmodzi ali ndi dzina. Mwana wa ku Glasgow woona cithunzi cotere anakula ali kudziwa kuti dziko lino ndi la anthu oyenera kuwomboledwa ndi kusungidwa. Sanaphunzira kuti ndi la anthu okhoza kudzisunga.

Koma anthu otere anali nao maina. Mwa ana amene anawomboledwa m'masiku omwewo a 1861 munali mnyamata wa Ciyao dzina lace Chuma. Iyeyu ndi mnzace Susi ndiwo anatsogolera anthu amene anasenza mtembo wa Livingstone kucokera kwa Chitambo, kumene anafera mu 1873, kufikira ku gombe la Bagamoyo, ulendo wa miyezi yambiri. Pa maliro a ku Westminster Abbey mu April 1874 awiriwa panalibe. Anafika ku England maliro atapita. Amene mwakwera phiri la Khondowe mwaona m'chalichi zenera la magalasi a mawanga, loonetsa Livingstone ndi cida cace coyesera dzuwa, bokosi la mankhwala, ndi anzace awiri a pa ulendo, nyanja iri kumbuyo kwao. Zenera limenelo nlokoma, ndipo liposa cithunzi ca pa Mbame, popeza anthu akuda alimo ngati anzace, wosati ngati katundu. Koma funsani ana a sukulu akuchulireni maina a anthu atatuwo, mudzamva limodzi lokha msanga.

Tsono tifike pa cithunzi cimene ndiciyesa cacikuru m'nkhani yonseyi, cingakhale cinali cacing'ono ngati cikhadabo. Harry Johnston, amene analamulira dziko lino m'dzina la Britain kuyambira 1891 kufikira 1896, anali mmisiri wa zojambula iye mwini. Anaphunzira luso limenelo ku London, ndipo buku lace la 1897 lonena za dziko lino liri ndi zithunzi zambiri za dzanja lace. Iye anasankha mawanga atatu akhale a Boma lace, lakuda, loyera ndi lacikasu, kutanthauza anthu akuda, Azungu ndi Amwenye ogwira nchito pamodzi. Pa masitampa a British Central Africa a caka ca 1895 panadindidwa cizindikiro ca Boma: cikopa pakati, mtengo wa khofi pamwamba pace, ndi anthu awiri akuda ataimirira uku ndi uku, wina atagwira piki, wina fosholo, ndipo pansi mau a Cingelezi akuti kuunika mumdima.

Pa zizindikiro za maufumu a ku Ulaya, oimirira pambali pa cikopa kawirikawiri ndi nyama, monga mkango uja wa mafumu a England. Pano malo a nyamazo anapatsidwa kwa anthu. Khofi sanali mbeu ya makolo athu, anali wa m'minda ya Azungu ku mapiri a Shire. Piki ndi fosholo si zida za mwini munda, pakuti mwini munda kwathu agwira khasu. Ndizo zida za wolembedwa nchito ya mseu. Ndipo mdima uja suli kufotokozedwa kuti ndi wa yani, popeza aliyense woona anadziwa. Cotero kalata iri yonse yoturuka m'dziko lino inanyamula ciphunzitso cakuti munthu wakuda ali ndi malo ace m'Boma latsopano, ndipo malowo ndi m'mbali, ataimirira, cida ciri m'manja. Cimene cindidabwitsa ine ndi ici, kuti m'caka comweco ca 1895 Angoni a M'mbelwa, eni mapiri ano ozinga Mzuzu, anali asanagonjere Boma konse, ndipo sanapereka msonkho. Analowa pansi pa Boma m'caka ca 1904, pa msonkhano wa ku Ekwendeni ndi Alfred Sharpe, popanda nkhondo. Sitampa inawalemba nchito zaka zisanu ndi zinai iwo asanabvomere kanthu.

Dzina la dziko linasanduka Nyasaland mu 1907, ndipo mu 1914 cizindikiro cinasinthidwa. Anthu awiri aja anacotsedwa, nalowa nyalugwe woima pa thanthwe, dzuwa liri kuturuka pamwamba pace. Mau a kuunika mumdima anatsala, koma m'Cilatini. Kaya kucotsedwa kumeneko kunali ulemu kaya kuiwalika, weruzani nokha. Pa malamulo munthu wakuda wa kuno anachedwa wotetezedwa ndi Britain, si mzika ai. M'bwalo lopanga malamulo ku Zomba womnenera anali mmishonale, ndipo anthu akuda oyamba analowamo mu 1949. Anthu a kumpoto kuno sanakhala cete pa zimenezi, pakuti bungwe la North Nyasa Native Association linayamba mu 1912, Levi Mumba ali mlembi wace, yemweyo amene anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944.

Yankho la cithunzi linadza ndi cithunzi cinzace. John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth mu 1897, naphunzira ku Lynchburg m'dziko la Virginia, nabwera mu 1900 kudzayamba Providence Industrial Mission pa Mbombwe ku Chiradzulu. Anadziwa bwino nchito ya kabokosi kaja. Zithunzi zace zimuonetsa atabvala suti ndi kolala, mkazi wace Ida atabvala deresi lalitali, ana a sukulu ali m'mizere, akazi ali kusoka, ndi chalichi cacikuru ca njerwa. Zina mwa izo anajambula Mungo Murray Chisuse, wodinda mabuku wa mishoni ya Blantyre, mmodzi wa anthu akuda oyamba kugwira luso limeneli m'dziko lino. Apa wojambula ndi wojambulidwa onse anali eni dziko, ndipo anasankha okha maimidwe ao. Ena anena kuti kubvala suti kunali kutsanzira Azungu cabe. Ine sinditero. M'dziko limene sitampa inanena kuti malo ako ndi pa fosholo, kukhala pa mpando utabvala bwino, buku liri pafupi, kunali kutsutsa poyera.

M'masiku amenewo panali mwambo wokakamizidwa ngati lamulo, wakuti munthu wakuda abvule cipewa pokomana ndi Mzungu, ndipo ambiri anatukwanidwa kapena kumenyedwa cifukwa ca ico. Pali cithunzi ca caka ca 1914, ca pa chalichi catsopano ca Mbombwe, pamene Chilembwe aima pamodzi ndi mmishonale wa Cizungu John Chorley, cipewa ciri kumutu. Pa 23 January 1915 anthu ace anaukira, napha William Jervis Livingstone ku Magomero, malo omwewo kumene Bishop Mackenzie anakhazika akapolo omasulidwa aja. Chilembwe anaphedwa pa 3 February, ndipo Boma linagumula chalichi cace. Pa bwalo lofufuza cifukwa ca kuukirako mboni zakuda, ndi Chisuse yemwe, zinadandaula za mlandu wa cipewa pamodzi ndi thangata ndi msonkho. Njerwa zinagwa, koma zithunzi zinatsala, ndipo zinaonekanso kwa anthu ambiri m'buku la George Shepperson ndi Thomas Price la caka ca 1958, nthawi imene dziko linali kulimbana ndi Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland.

Patapita zaka zoposa zana limodzi, mmisiri wa ku Malawi Samson Kambalu, wobadwa mu 1975 ndi wophunzitsa ku Oxford, anatenga cithunzi ca 1914 cija naumba naco mafano awiri. Anaimikidwa pa Trafalgar Square pakati pa London mu September 2022, nakhalapo kufikira 2024. Chorley anampanga wa msinkhu wa munthu, koma Chilembwe wamtali pafupifupi kawiri, onse awiri zipewa ziri kumutu. Mthunzi uja anautembenuza dala. Dzina la nchitoyo, Antelope, likumbutsa Kasiyamaliro wa ku dambwe, ndipo apa tiyenera kunena kanthu kamene ife a mishoni sitikonda kukanena. Pamene Azungu anali kujambula ife, Acewa analikujambula iwonso. M'Gule Wamkuru muli Simoni wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, mulinso Maliya. Osema anayang'ana mlendo, namuyesa, namlowetsa m'gulu la zirombo, kuti mudzi umseke ndi kumzolowera. Mishoni inalimbana ndi Nyau kolimba, makamaka m'zaka za m'ma 1920, ndipo zifukwa zace muzidziwa. Koma pa mlandu uwu wokha wa mtundu, wosema wa ku dambwe anakana kukhala woyang'anidwa cabe.

Zithunzi za m'makalasi athu a Sande nazo zinali ndi ciphunzitso cao cobisika. Ambuye, angelo ndi atumwi onse anali oyera khungu ngati a ku Scotland, cinkana dziko la Yudeya siliri ku Ulaya. Palibe mphunzitsi ananena ndi pakamwa kuti kumwamba nkwa Azungu, koma khoma linanena. Ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayamba nyumba ya KuNgoni mu 1976, osema anayamba kupanga Kristu ndi amace ndi nkhope za kwathu, ndipo zosema zao zafika m'machalichi ambiri.

Pa 6 July 1964 mbendera yatsopano inakwera: lakuda pamwamba, kunena anthu a Africa, ndi dzuwa lofiira liri kuturuka, lofiira pakati, kunena mwazi wa ofera ufulu, monga aja anawomberedwa pa doko la Nkhata Bay pa 3 March 1959, ndi lobiriwira pansi, kunena dziko. Pa cizindikiro ca Boma oimirira pambali anakhala mkango ndi nyalugwe, nkhwazi iri pamwamba. Kunali koyenera ndithu kuti wakuda akwere pamwamba atakhala m'mbali zaka zonsezo. Koma kuyesa anthu ndi mawanga sikunatha. Lamulo la umzika la 1966 linati wobadwira muno akhala mzika ngati kholo lace liri mzika ndiponso la mtundu wa Ciafrika, mau amene anadzacotsedwa pambuyo pace. Ndipo m'zaka za m'ma 1970 Amwenye analamulidwa kusiya masitolo a kumidzi ndi kucita malonda m'midzi yaikuru inai yokha, Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu uno. Ena a iwo anali obadwira muno, ndi atate ao omwe.

Pomwepo cithunzi cimodzi cinameza zinzace zonse. Nkhope ya Dr. Hastings Kamuzu Banda inali pa ndarama, pa baji ya pa cifuwa, pa nsaru za mbumba zobvina pa misonkhano, ndi pa khoma la sitolo ndi ofesi iri yonse, kumene sikunaloledwa kupacika kanthu kena pamwamba pace, ngakhale koloko. Umzika unayesedwa ndi khadi la cipani; wopanda khadi anabwezedwa pa cipata ca msika ndi pa khomo la basi, ndipo a Mboni za Yehova, amene anakana kuligula, anazunzidwa nathawira ku Zambia ndi Mozambique. Kumpoto kuno anthu anaphunzira kuti khungu lakuda lokha silikwanira: Citumbuka cinacotsedwa pa wailesi mu 1968, ndipo mu 1989 aphunzitsi a kumpoto ophunzitsa m'zigawo zina analamulidwa kubwerera kwao. Akuru ena mwa inu muli m'gulu limenelo, ndipo simusowa ine kukufotokozerani.

Nkoyenera kukumbuka kuti ulamuliro umenewo unathanso ndi zithunzi ziwiri. Pa 14 June 1993 anthu anafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda, wa cipani cimodzi, ndi nyali, ya zipani zambiri. Nkhalamba yosadziwa cilembo ngakhale cimodzi inadziwa tambala, inadziwanso nyali; ndipo pafupifupi awiri mwa atatu anasankha nyali, kumpoto kuno koposa. Mbendera yomwe inasinthidwa mu 2010, dzuwa lathunthu loyera nilowa m'malo mwa loturuka lija, ndipo anthu anakangana kwambiri kufikira yakale inabwezedwa mu 2012. Apo panaoneka kuti anthu ayesa nsaruyo yao, si ya wolamulira.

Chilembwe anaikidwa pa ndarama za pepala mu 1997. Koma zimene ndifuna muziyang'anitse ndizo zinaturuka mu 2012, pakuti zimenezo zikhoza kukhala buku la mbiri m'kalasi losowa mabuku. Pa K20 panaikidwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II, pa K50 Inkosi ya Makhosi Gomani II, mafumu awiri a Angoni amene anakana Citaganya; pa K100 James Sangala, woyambitsa Congress; pa K500 Chilembwe; pa K1000 Dr. Banda, ndi kuseri kwace nkhokwe zazikuru za cimanga za ku Mzuzu. Aliyense ali ndi dzina lace lolembedwa pafupi ndi nkhope. Pa K200 panaikidwa mkazi, Rose Chibambo, wobadwira ku Kafukule m'boma la Mzimba mu 1928. Iyeyu anasonkhanitsa akazi a Congress m'masiku a Citaganya, anamangidwa mu 1959 ali ndi khanda la masiku owerengeka, nalowa nalo m'ndende ku Zomba. Atasemphana ndi Dr. Banda pa mkangano wa nduna wa 1964 anathawira ku Zambia, nakhala kumeneko zaka pafupifupi 30, nthawi imene kuchula dzina lace poyera kunali kudziputira mlandu. Anabwera mu 1994, ndipo anaiona nkhope yace pa ndarama ali moyo, amai a mu msika wa Mzuzu ali kuimanga pa nsonga ya citenje. Anamwalira mu January 2016, ndipo manda ace ali mu Mzuzu muno.